Kiyibodi yoti pena ikugwira pena ikusiya: mmene mungapezere vuto n'kuikonza

Kiyibodi yoferatu siivuta, umangodziwa kuti yafa basi. Yosautsa ndi iyi yoti m'mawa ikugwira bwinobwino, masana mukulemba mwangoona zilembo zina zasowa pakati pa mawu, kenako yaima zii masekondi angapo, kenako yabwerera ngati palibe chachitika, ndiye mukaitengera kwa munthu wokonza yayamba kugwira mosavuta ndipo iye akukuyang'anani ngati mukunama. Ine ndakonzapo angapo otere, anga ndi a anzanga, ndipo chomwe ndaona n'choti vuto la mtundu umenewu silipezeka pongoganizira, muyenera kuligwira nthawi yomwe likuchitikayo. Zimandiwawa kuona munthu wafufuta Windows yonse n'kuikanso, wataya tsiku lathunthu, pomwe vuto linali kawaya kamodzi kothyoka mkati mwa chingwe.

Ndiye choyamba musamasule kanthu, musagule kanthu, dikirani isiye. Ikangosiya dinani Caps Lock kapena Num Lock muone kanyali kake. Kanyali kameneka kamanena zambiri chifukwa pa kiyibodi ya USB sikayaka paokha, kiyibodi imauza kompyuta kuti batani ladinidwa, ndiye kompyutayo ndi imene imayankha kuti yatsa nyali. Kakayaka n'kuzima mmene mukudiniramo ndiye kuti awiriwa akulankhulana, vuto lili kwina, mwina pulogalamu yomwe mukulembamoyo kapena mabatani ena okha. Kakakhala kozima osayaka n'komwe, makamaka ngati Num Lock inali yoyaka kale, ndiye kuti magetsi aduka penapake, chingwe kapena poti, kabowo kaja kobayapo chingwe pa kompyuta. Nthawi yomweyo gwedezani mbewa muone ngati kamuvi kakuyenda, chifukwa ngati nakonso kaima ndiye kuti yaima ndi kompyuta yonse, kiyibodi ilibe mlandu. Komanso kwezani voliyumu mumvetsere, Windows imaliza kamawu kaja kakafupi chinthu cha USB chikachotsedwa ndi kena chikalowetsedwa, ndiye mukamva timawu timeneti tikulira tokha inu musanagwire chilichonse, dziwani kuti kiyibodi ikuduka n'kulumikizikanso yokha.

Funso lina lofunika kwambiri n'lakuti akusiya ndi mabatani onse nthawi imodzi kapena ndi ena okha. Tsegulani Notepad mudine batani lililonse mmodzimmodzi kuyambira mzere wa pamwamba, mulembe papepala amene akukana. Onse akamasiyira limodzi yang'anani njira imene uthenga ukudutsa, chingwe, poti, batire, masetingi. Akakhala omwewo omwewo tsiku lililonse ndiye kuti nkhani ili mkati mwa kiyibodi momwemo. Kusiyanitsa kokhaku kumakupulumutsani ku ntchito yambiri yopanda pake.

Mukatero ibayeni kiyibodiyo pa kompyuta ina muigwiritse ntchito kwa nthawi ndithu, osati mphindi ziwiri, chifukwa vuto lobwera mwa apo ndi apo limafuna kulidikira. Ndipo kompyuta yanuyo muiike kiyibodi ina yobwereka. Vuto likatsatira kiyibodi, ndi kiyibodi. Likatsala pa kompyuta, ndi kompyuta. Ngati palibe yobwereka, yatsani kompyuta mulowe mu BIOS, mamenyu a masetingi a kompyuta yeniyeniyo, nthawi zambiri podina F2 kapena Del ikangoyaka, muziyenda ndi timivi m'mamenyu mmenemo kwa kanthawi. Mmenemo Windows sinayambe, ndiye ikamasiya muli momwemo musavutike ndi madirayiva, timapulogalamu tomwe Windows imayendetsera zipangizo, vuto ndi la chipangizo chenichenicho.

Tiyambe ndi chingwe chifukwa pa makiyibodi a waya ndi chimene chimapalamula kawirikawiri. Mkati mwa chingwe cha USB cha kiyibodi muli timawaya tinayi toonda kwambiri, nthawi zambiri kofiira ka magetsi a 5V, kakuda ka gilaundi, koyera ndi kobiriwira totenga uthenga, ndipo kalikonse n'kopangidwa ndi tinsinga ta kopa tambiri. Chingwe chikamapindidwa malo amodzimodzi tinsingati timaduka kamodzikamodzi koma pulasitiki ya kunja ili bwinobwino, ndiye mapeto odukawo amakhudzana chingwe chikagona mwakuti, n'kusiyana chikasuntha pang'ono. N'chifukwa chake ikugwira pena. Malo odukira ndi awiri pafupifupi nthawi zonse, pomwe chingwe chikutulukira mu kiyibodi ndi pakhosi pa pulagi. Yatsani Num Lock kuti nyali ikhale yoyaka, ndiye ndi zala ziwiri muzipinda chingwe pang'onopang'ono kuyambira kumutu mpaka kumchira maso ali pa kanyali. Yanga ina ndinaipeza chonchi, ndikangopinda masentimita awiri kuchokera pomwe chingwe chimalowera nyali inkathima, ndikasiya inkayaka, ndipo nditayang'anitsitsa padali kamzere kophwatalala pomwe dirowa ya desiki inkachipana tsiku lililonse ndikamatseka. Miyezi yonseyo ndinkaganiza kuti ndi kompyuta.

Mukapeza malowo kukonza n'kotheka. Ngati chingwe n'chochotseka, monga za USB-C za makiyibodi ambiri atsopano, ingosinthani, koma onetsetsani kuti chatsopanocho n'chotenga data chifukwa pali zingwe zina zongotchajira basi, nyali ziyaka koma osalemba kanthu. Ngati n'chomangirira, zulani pa kompyuta, masulani kumbuyo kwa kiyibodi, jambulani ndi foni mmene timawaya talumikizidwira pa kabodi kobiriwira musanachotse kalikonse chifukwa si opanga onse amatsatira mitundu ija, dulani gawo lowonongekalo mopitirizako masentimita angapo, sendani n'kuwotchereranso ndi sodala kalikonse pamalo pake. Kudukira kukakhala kupulagi, chophweka n'kutenga chingwe chonse cha kiyibodi kapena mbewa ina yakufa n'kuchiika mmalo mwake. Amene muli ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ikani pa seti ija yolira waya akakhala wosaduka, yezani kawaya kalikonse kuchokera pa pini ya pulagi mpaka pa bodi uku mukupinda chingwe, kakadukiza kulira ndi komweko. Ndipo pobweza musaiwale kukoloweka chingwe m'timizati ta pulasitiki tomwe tili mkatimo, ntchito yake n'kuti munthu akakoka, mphamvu isafike pomwe mwawotcherera.

Poti nayo imatha. Ikakhala yogwedera, pulagi ikungolowa mopepuka osagwira, sinthani poti. Pa kompyuta ya pa desiki gwiritsani ntchito mapoti a kumbuyo chifukwa ali pa mothabodi penipeni, bodi yaikulu ya mkati mwa kompyuta, a kutsogolo amadutsa kachingwe kena mkati komwe nako kamatha kukhwepa. Ngati kiyibodi ili pa habu, kabokosi kochulukitsa mapoti a USB, pamodzi ndi hadi diski yakunja, foni yotchaja ndi zina, ichotseni muibaye payokha. Poti ya USB 2.0 imapereka 500 mA, ya USB 3.0 imapereka 900 mA, ndiye habu yopanda adaputa yakeyake ikugawira onsewo kuchokera pamenepo, diski ikangoyamba kuzungulira kiyibodi imakomoka kaye, makamaka ija ya nyali zamitundumitundu. Unikaninso mkati mwa poti ndi tochi, kompyuta ili yozima, muone ngati muli fumbi kapena pini yopindika. Amene mukadali ndi kiyibodi ya pulagi yozungulira ya PS/2, ija ya mtundu wa pepo, musamaizule kapena kuibaya kompyuta ili yoyaka, sinapangidwire zimenezo, zimitsani kaye.

Tsopano za Windows, zomwe ndi ziwiri zitatu basi zoyenera nthawi yanu. Yoyamba ndi yosunga magetsi. Windows imatha kugoneka poti ya USB ikaona ngati palibe chikuchitika, ndipo makiyibodi ena sadzuka bwino, chizindikiro chake n'choti mukasiya kulemba kwa kanthawi, mukabwerera zilembo zoyambirira zikusowa kapena kiyibodi yafa mpaka muizule n'kuibayanso. Dinani batani la kumanja la mbewa pa Start musankhe Device Manager, tsegulani Universal Serial Bus controllers, pa USB Root Hub iliyonse lowani Properties kenako Power Management, chotsani chizindikiro pomwe palembedwa kuti Allow the computer to turn off this device to save power. Kenako mu Control Panel pitani Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, pansi pa USB settings ikani USB selective suspend setting pa Disabled. Zonsezi mungazichite ndi mbewa yokha, ndipo pofuna kulemba pali On-Screen Keyboard, kiyibodi ya pa sikirini yodina ndi mbewa, yomwe imapezekanso pa sikirini yolowetsera pasiwedi, pakona ya kumunsi kumanja.

Yachiwiri ndi Filter Keys, ndipo iyi yapusitsa anthu ambiri. Mukagwira Shift ya kumanja kwa masekondi 8 Windows imafunsa ngati iyatse chinthu chimenechi, munthu ali pa changu amangodina Yes osawerenga, ndiye kuyambira pamenepo kompyuta imanyalanyaza kudina kwachangu kapena kobwereza, mukalemba pang'onopang'ono zikutheka, mukathamanga zilembo zikusowa. Zimaoneka ndendende ngati kiyibodi yodwala. Pa Windows 11 pitani Settings, Accessibility, Keyboard, pa Windows 10 ndi Ease of Access, muzimitse Filter Keys ndi Sticky Keys, muzimitsenso njira yachidule yoziyatsira kuti zisabwerere. Za dirayiva, mu Device Manager momwemo pansi pa Keyboards dinani kumanja musankhe Uninstall device n'kuyatsanso kompyuta, Windows iikanso yokha. Kunena zoona si kawirikawiri pomwe izi zimathetsa vuto, koma n'zaulere ndipo sizitenga nthawi. Ngati vuto linayamba mutangoika pulogalamu ina, makamaka zija zosinthira ntchito za mabatani kapena zoyendetsera nyali za kiyibodi, yesani mu Safe Mode, pomwe Windows imayaka ndi zofunikira zokhazokha popanda mapulogalamu oonjezera, ikakhala bwino mmenemo chotsani pulogalamuyo.

Ya wayalesi ili ndi nkhani zakezake. Yambani ndi mabatire, ndipo muike atsopano enieni, osati ochotsa mu rimoti, chifukwa batire lofooka limagwira likapuma n'kusiya likatopa, umene ndi mchitidwe weniweni wa pena pena. Batire la AA latsopano limakhala 1.5V, lotchajanso la NiMH limakhala 1.2V ndipo makiyibodi ena salikonda. Yang'anani tizitsulo togwira batire, mukaona zoyera zoumirira ndiye kuti batire linadontha, pukutani ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi viniga, muumitse, mupale pang'ono mpaka chitsulo chiwale, ndipo kasipuling'i kakafooka kakokeni pang'ono kuti kagwire zolimba. Kenako ka risiva kakang'ono kobaya pa USB kaja. Kamagwira pa 2.4 GHz, malo omwewo a Wi-Fi ndi Bluetooth, ndipo mapoti ndi zingwe za USB 3.0 zimatulutsa phokoso la wayalesi m'dera lomwelo, kampani ya Intel inafotokozapo zimenezi mu 2012. Ndiye ngati karisiva kali pafupi ndi fulashi kapena diski yobayidwa pa poti ya USB 3.0, ija ya buluu, kasunthireni pa poti ya USB 2.0, kapena bwino kwambiri kaikeni pa kachingwe koonjezera kabwere pamwamba pa desiki pafupi ndi kiyibodi. Kubisa karisiva kuseri kwa bokosi lachitsulo pansi pa desiki ndi kudzipangira vuto nokha. Ya Bluetooth ichotseni pa mndandanda wa zipangizo n'kuilumikizanso mwatsopano, ndipo dziwani kuti yambiri imagona ikakhala osagwiritsidwa ntchito, batani loyamba limangoidzutsa, kumeneko si kuwonongeka.

Tibwere kwa mabatani ena okha aja. Likakhala limodzi, kapena awiri oyandikana, nthawi zambiri ndi zinyalala. Zulani kiyibodi, itembenuzeni muigwedeze, muuzire mphepo pakati pa mizere, ndipo pa kiyibodi ya desiki mungathe kuzula chipewa cha batanilo potokosa pansi pake ndi kanthu kophwatalala, mupukute ndi isopropyl alcohol ya 90% kapena kuposa chifukwa imauma msanga osasiya madzi. Pa laputopu samalani, pansi pa chipewa pali timahinji ta pulasitiki topingasa ngati sizasi, tikathyoka batani silikhalanso.

Koma akakhala gulu la mabatani otalikirana akufera limodzi n'kudzukira limodzi, apa si zinyalala, ndipo ndi pomwe muyenera kumvetsa mmene kiyibodi ilili mkati. Batani lililonse lilibe waya wakewake, mabatani amagawana mizere, ina yopingasa ina yotsika, batani likadinidwa limalumikiza mzere umodzi ndi unzake ndipo kachipu kamadziwa kuti ndi liti poona mizere iwiri yomwe yakumana. Mzere umodzi ukaduka, onse okhala pa mzerewo amafa pamodzi ngakhale pamwamba akuoneka kuti sakugwirizana. Mukatsegula kiyibodi wamba mupeza labala ya timapiri tambirimbiri, pansi pake timapepala titatu ta pulasitiki toonekera, awiri ali ndi mizere yotuwa ngati siliva, lapakati lili ndi mabowo okhaokha olekanitsa awiriwo. Pakona pali kabodi kobiriwira, ndipo mapepalawo sanawotcheredwe pa kabodiko, angopanikizidwa ndi kachitsulo kokhala ndi labala pansi, komangidwa ndi timasikuluwu tiwiri titatu. Apa ndi pomwe ndimayambira nthawi zonse. Timasikuluwu tikakhwepa, kapena labala ikatopa, mizere ina imakhudza pena n'kusiya pena, mwina mukangotsamira dzanja pakona imeneyo zasintha. Masulani, pukutani mofatsa timizere takuda ta pa kabodi ndi mapeto a pepala ndi kathonje ka alcohol, kenako bwezani molunjika bwino mumange zolimba. Musakhule mwamphamvu, mizere ya pa pepala ndi utoto wotenga magetsi wopakidwa pamwamba chabe, imachoka.

Ngati munatayirapo madzi kapena chakumwa, ngakhale miyezi yapitayo, kwezani mapepalawo kuwala muwayang'ane. Madzi amalowa pakati pa mapepala n'kukhala mmenemo nthawi yaitali, mzere wodyeka umaoneka wakuda kapena wabulauni pamalo pomwe unzake uli wotuwa, nthawi zina kadera kochepa ngati kanjere. Yezani ndi multimeter mbali iyi ndi iyo ya malo odawo mosabaya, ikapanda kuonetsa kulumikizana mwapeza. Pali cholembera cha inki ya siliva chomwe chimagulitsidwa chifukwa cha ntchito yotereyi, mumajambula kamzere kolumikiza mbali ziwirizo n'kukasiya kaume bwino musanatseke. Sodala musayerekeze, pulasitikiyo imasungunuka nthawi yomweyo. Ndipo mapepala akhale ouma gwa musanawabweze, chinyezi chotsalira chimapangitsa kiyibodi kulemba zilembo zomwe simunadine. Chinthu chimodzi chomwe si vuto: ngati batani likukana pokhapokha mwagwira ena awiri atatu nthawi imodzi, monga posewera magemu, ndi mmene makiyibodi otsika mtengo anapangidwira chifukwa cha kugawana mizere kuja, palibe chokonza pamenepo.

Ya mekaniko, ija yokhala ndi switchi payokha pansi pa batani lililonse, ikamadwala imalemba chilembo kawiri kapena kudumpha. Zulani chipewa, dinani kamutu ka switchi, donthezani kadontho ka alcohol mkati kiyibodi ili yozula, mudine kambirimbiri, mudikire iume. Zikakanika sinthani switchi imodziyo, pa mabodi a hot-swap, omwe maswitchi ake ndi ongolowetsa osawotcherera, imangozuka ndi kachida kake, pa enawo muyenera kusungunula sodala pa miyendo iwiri. Poika yatsopano onani kuti timiyendo take tili chilili, kamodzi kakapindika batani lizigwira mwa apo ndi apo ngati poyamba.

Laputopu ndiyo yofuna kufatsa kwambiri. Bayani kiyibodi ya USB kaye, ikamagwira bwino masiku angapo pomwe ya laputopuyo ikuvuta, mwadziwa kuti vuto ndi kiyibodi yamkati kapena kulumikizika kwake. Kenako musanachite china chilichonse ikani laputopu pa tebulo losalala muiyang'ane cham'mbali. Ngati ikugwedera, ngati touchpad yakwera kapena ikulimba kudina, ngati chivundikiro cha pansi chayamba kutseguka m'mphepete, ndiye kuti batire latupa ndipo likukankha kiyibodi kuchokera pansi. Apa ndikunena motsindika, zimitsani, chotsani tchaja, musalitchajenso, musalidinikize kapena kulibaya chifukwa batire la lithium lotupa limatha kuyaka moto, lisinthidwe basi, ndipo ngati simunachitepo ntchito yotere ipatseni munthu wodziwa. Kiyibodiyo nthawi zambiri imabwerera yokha batire likachoka.

Batire likakhala bwino, wokayikitsa ndi kariboni, kachingwe kophwatalala kochokera ku kiyibodi kupita pa mothabodi. Chizindikiro chake n'choti mabatani amasintha khalidwe mukanyamula laputopu ndi kona imodzi, mukaiika pamiyendo, kapena ikatentha. Funani buku lokonzera la modelo yanu yeniyeniyo chifukwa ena kiyibodi imatuluka pamwamba ndi timakilipu, ena muyenera kutsegula pansi. Zimitsani, chotsani tchaja, ndipo mukatsegula chinthu choyamba n'kuzula pulagi ya batire pa bodi. Kariboni kamalowa mu kasoketi kokhala ndi kachitseko kakang'ono, kwezani kachitsekoko ndi chikhadabo mofatsa kwambiri, kakathyoka ntchito yakula, tulutsani riboni, pukutani timano take ndi alcohol, muyang'ane ngati pali mng'alu pomwe kamapindikira, kenako bwezani mowongoka mpaka kafike kumapeto n'kutseka kachitseko. Ambiri ali ndi kamzere koyera kosonyeza pomwe ayenera kufika, kakaoneka kopendekeka tulutsani mubwezenso. Riboni ikang'aluka kapena mapepala amkati akadyeka ndi madzi, kiyibodi ya laputopu simungaipatule ngati ya desiki, imasinthidwa yonse, ndipo pogula tsatani nambala yolembedwa kumbuyo kwa yakaleyo osati dzina la laputopu lokha. Pa malaputopu ambiri oonda a masiku ano kiyibodi inamatidwa ku chivundikiro cha pamwamba, ndiye imagulidwa pamodzi ndi chivundikirocho.

Chilichonse chomwe mwasintha, sinthani chimodzi panthawi imodzi n'kuigwiritsa ntchito masiku awiri atatu musanagwire china, chifukwa kiyibodi yotere imatha kukhala bwino tsiku lonse payokha n'kukupangitsani kuganiza kuti mwaikonza. Ngati munatsegula, musamange masikuluwu onse nthawi yomweyo, mangani awiri okha, ibayeni, tsegulani Notepad mudutse batani lililonse kuphatikiza ma F a pamwamba ndi manambala a kumanja, mupindenso chingwe malo aja maso ali pa kanyali ka Num Lock, zikakhala bwino ndiye mumalize kumanga otsalawo.